Musamubise mwanayo kuchipinda

Sabata ino sindiyankha makalata ambiri monga mwa masiku onse. Ndatenga imodzi yokha, chifukwa nditaiwerenga ndidangoti phee, mpaka tiyi kuzizira m'kapu.

Wailemba ndi mayi wachitsikana wa zaka 24, yemwe wandipempha kuti ndisatchule dzina lake ngakhale dera limene akukhala. Watha zaka zitatu pabanja. Mwana wawo woyamba, wamkazi, ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu, ndipo saona. Akuti adazindikira mwanayo ali ndi miyezi inayi, kuti akamuunikira tochi kapena kumugwedezera chidole, maso satsatira. Chiyambire pamenepo m'nyumba mudalowa mphepo. Apongozi aakazi akuti kumtundu kwawo kulibe zoterezi, ndiye kuti mbewuyi yachokera kuchikazi. Anthu ena pamjigo akunong'onezana kuti bambo wa mwanayo adakhwimira geni. Bamboyo sanena kanthu, koma wayamba kufika usiku, ndipo alendo akangoti odi amauza mkazi wake kuti alowe ndi mwana kuchipinda. Mayiyu ankayimba kwaya kutchalitchi kwawo, pano adasiya. Akuti akaima kutsogolo amaona ngati maso a mpingo wonse ali pamsana pake pamene wabereka mwanayo. Mafunso ake ndi awiri: kodi ndidalakwanji, nanga mwana wangayu adzakhala ndani?

Loyambalo ndiyankha mwachidule, mwana wanga. Simudalakwe kanthu. Lachiwirili ndi limene ndikufuna tikhalire pansi, inuyo pamodzi ndi makolo ena onse amene mukuwerenga. Ndikusimbirani za mayi wina wa ku America amene inuyo, pokhala woyimba kwaya, mwakhala mukuyimba mawu ake osamudziwa.

Dzina lake ndi Fanny Crosby. Adabadwa pa 24 Malichi 1820 m'banja losauka, kumudzi wina wa m'chigawo cha New York. Ali ndi masabata 6 okha adadwala chimfine ndipo maso adatupa. Dokotala wa m'deralo adali atachokapo, choncho banjalo lidaitana bambo wina yemwe ankadzitcha wodziwa zamankhwala. Mkuluyu adakonza phala lotentha la njere za mpiru n'kumata pamaso pa khandalo. Kutupa kudaphwa, koma mwana sadaonenso. Umu ndi mmene Fanny mwiniwake ankafotokozera. Madokotala ena a masiku ano amaganiza kuti mwina adabadwa nalo kale vutolo, kungoti makolo adachedwa kuzindikira, monga zidachitikira kwa inu.

Ndiime kaye apa, chifukwa za phala la mpiruzi si zachilendo kwathu kuno. Diso la mwana likafiira timathamangira kudonthezamo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, ena mpaka mkodzo. Chonde amayi, lekani. Khanda likamatuluka mafinya m'maso masiku oyambirira, ndi nkhani yothamanga nayo kuchipatala tsiku lomwelo. Mukaona koyera pakati pa diso la mwana, mwina ndi ng'ala, mwinanso matenda ena oopsa kuposa pamenepo. Ng'ala ya mwana amaichotsa ndi opaleshoni, koma imafuna changu, ubongo usanazolowere mdima. M'kalata mwanu simudanene ngati mwanayu adaonedwapo ndi dokotala weniweni wa maso. Ngati sadaonedwe, kapempheni kalata kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kuti akutumizeni kumene kuli akatswiri, monga ku Queens ku Blantyre, ku Central ku Lilongwe kapena ku Nkhoma. Zimenezi muchite musanamvere aliyense wokuuzani za kwa sing'anga.

Tibwerere kwa Fanny. Chaka chomwecho cha 1820 chisanathe, bambo ake adamwalira. Mayi ake, a Mercy, adatsala amasiye ali ndi zaka 21, ocheperapo kwa inu, khanda losaona lili m'manja. Adakalowa ntchito ya m'nyumba za anthu, mwana n'kumamusiyira agogo ake, a Eunice.

Agogo amenewa ndi amene ndikufuna muwadziwe bwino, makamaka inu apongozi ngati wina akuwerengerani tsambali. Sadakhale pansi kumawerenga mibadwo kuti khungu lachokera kuchimuna kapena kuchikazi. Ankatenga mdzukulu wawo kupita naye panja. Ankamugwiritsa masamba a mitengo, tsamba ndi tsamba, mpaka adziwe mtengo uliwonse ndi zala. Ankamununkhizitsa maluwa n'kumuuza maina ake. Mbalame ikalira, ankamuuza kuti ndi yakuti, ndi yaikulu chonchi, nthenga zake n'zotere. Dzuwa likamalowa ankamufotokozera mmene kumwamba kwafiirira. Wina akadatha kunena kuti n'kutaya nthawi, mwana wosaona umuuzirenji za mitundu? Koma mukamva mawu a nyimbo zimene adadzalemba atakula, mudzaze kuwala, mitsinje, mapiri ndi m'bandakucha. Zonsezo adazionera m'kamwa mwa agogo ake.

Ndipo sankamuchita ngati dzira. Fanny ankasewera ndi ana anzake, kukwera mitengo, kukwera pamsana pa kavalo, kugwa n'kudzuka. Adaphunzira ntchito za pakhomo, kusoka ndi kuluka. Ali ndi zaka pafupifupi 5, anthu oyandikana nawo adasonkha ndalama kuti mayi ake apite naye kwa dokotala wotchuka mumzinda wa New York, Valentine Mott. Iyeyu atamuyeza adanena mosabisa kuti palibe chimene angachite. Taganizani ulendo wobwerera kumudzi umenewo, ndalama za anthu zatha, yankho ndi lomwelo. Koma onani kuti adapita. Adakamva kwa wodziwa, kenako n'kuyamba kulera mwana mmene alili, osati kumangodikira chozizwitsa chaka ndi chaka mwana akukulira kuseri kwa chitseko.

Atasamukira ku Ridgefield, m'chigawo cha Connecticut, mwini nyumba imene ankakhala, Mayi Hawley, adayamba kumuloweza Baibulo pamtima, mitu isanu pa sabata. Pofika zaka 15 adali ataloweza mabuku anayi a Uthenga Wabwino, mabuku asanu a Mose, Miyambo ndi Masalimo ambiri. Sindikunena kuti nanunso mumupanikize wanuyo chotero ayi. Ndikungoonetsa kuti mutu wa mwana wosaona ulibe chilema, umangofuna wouthirira.

Chinthu chovuta kwambiri chimene a Mercy adachita chidali mu 1835, pamene adalola mwana wawo kuchoka pakhomo kupita kusukulu ya ana osaona mumzinda wa New York. Mayi aliyense akudziwa mmene mtima umachitira: akadwala adzamuona ndani, nanga akasochera? Adamulola. Kumeneko Fanny adaphunzira mbiri yakale, galamala, kuyimba, komanso kuliza gitala, piyano, limba la m'tchalitchi ndi zeze wamkulu uja wa azungu. Masamu okha ndiwo ankadana nawo kwabasi, ndiye musadabwe wanuyo akadzatero, sizichokera m'maso zimenezo. M'zaka za m'ma 1840 adapita ndi anzake ku Washington kukalakatula ndakatulo pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo, kupempha kuti boma liganizire maphunziro a osaona. Adadzakhala mphunzitsi pasukulu yomweyo zaka zoposa 10. Mnyamata wina amene ankagwira ntchito muofesi ya sukuluyo, n'kumamulembera ndakatulo zake papepala, adali Grover Cleveland, yemwe mu 1885 adadzakhala mtsogoleri wa dziko la America.

Mu 1849 kolera idavuta mumzindamo. Ambiri adathawira kumidzi, koma Fanny adatsala pasukulupo kudwazika ana. Ena mwa iwo adamwalira. Zidamusweratu mtima, ndipo adayamba kudzifunsa kuti ikadakhala nthawi yake, akadapita ali wokonzeka? Chaka chotsatira, mu 1850, pamsonkhano wachitsitsimutso m'tchalitchi cha Methodist, ndi pamene adati wapeza mtendere ndi Mulungu wake. Muone kuti Baibulo adali nalo m'mutu kuyambira ali mwana, koma kuti lifike mumtima padatenga zaka 30 ndi maliro a ana a eni.

Tsopano gawo limene alaliki ambiri amalidumpha akamasimba za mayiyu, koma poti tsamba lino ndi la mabanja, ine sindilidumpha. Mu 1858 Fanny adakwatiwa ndi Alexander van Alstyne, katswiri woliza limba, yemwenso adali wosaona ndipo adali wamng'ono kwa iye ndi zaka 11. Mwamunayu adachita chinthu chimodzi chimene ndimamutamanda nacho: adaumirira kuti mkazi wake apitirize kulemba m'dzina limene anthu ankamudziwa nalo. Sadachite nsanje ndi mphatso ya mkazi wake, monga achitira abambo ena amene mkazi akangoyamba kutchuka pakwaya, basi mlandu. Mu 1859 adakhala ndi mwana. Mwanayo adamwalira ali wakhanda, ndipo sadaberekenso wina. Fanny, munthu amene mawu ankachita kusefukira, za mwana ameneyu sankazikamba. Adadzazitchula pang'ono chabe atakalamba. Pofika cha m'ma 1880 awiriwa ankakhala kosiyana, ngakhale ukwati sudathe ndipo ankayenderana mpaka mwamunayo adamwalira mu 1902.

Chimene chidalowa pakati pawo adapita nacho kumanda eni ake. Koma pazaka zimene ndakhala ndikuwerenga makalata anu, ndaona kuti chisoni cha mwana, kaya wamwalira, kaya wabadwa ndi chilema, chimalowa m'banja mwakachetechete ngati chiswe. Palibe amene amatukwana mnzake. Mkazi amalira yekha kukhitchini, mwamuna amakalira yekha kumowa kapena kuntchito, aliyense n'kumaganiza kuti mnzakeyo sizikumukhudza. Mwana wanga, mwina kufika usiku kwa amuna anuko si chibwenzi. Mwina ndi munthu amene akuopa kulowa m'nyumba chifukwa sadziwa choti anene. Sindikuwaikira kumbuyo, ndikubwera kwa iwo posachedwa. Koma musadikire kuti ayambe ndiwo. Mwana akagona, auzeni kuti inunso mukuopa. Zikakanika, itanani ankhoswe, osati kudzaweruza kuti mbewu yoipa ndi ya ndani, koma kudzagwirizana za ulendo wa kuchipatala ndi ndalama yake.

Nyimbo za m'tchalitchi Fanny adaziyamba mochedwa, atadutsa zaka 40, atakumana ndi William Bradbury mu 1864. Uyu adali wopeka maimbidwe komanso wosindikiza mabuku a nyimbo za Sande sukulu. Kuyambira apo mpaka imfa yake adalemba nyimbo zoposa 8,000. Ntchito yake kwenikweni idali mawu, maimbidwe ankaika ena. Sankalemba ndi dzanja. Ankapeka mumtima, kawirikawiri usiku anthu atagona, n'kusunga m'mutu mpaka apeze womulembera. Osindikiza poona kuti buku lonse lidzaza dzina la munthu mmodzi, ankamupatsa maina ena ongopeka, pafupifupi 200. Malipiro ake adali dola imodzi kapena awiri pa nyimbo, basi, pamene mabukuwo ankagulidwa miyandamiyanda. Oyimba athu amene ankapereka nyimbo zawo kwa amalonda a makaseti akudziwa kuwawa kwake.

Tsiku lina mu 1868 mnzake William Doane, wabizinesi wa ku Cincinnati yemwe ankapekanso maimbidwe, adafika kunyumba kwake ali pachangu, sitima yapamtunda itatsala mphindi 40 kuti inyamuke. Adamuyimbira kaimbidwe katsopano n'kupempha mawu. Asanatuluke pakhomo, nyimbo ya "Safe in the Arms of Jesus" idali itabadwa. Imakamba za kupumula m'manja mwa Yesu ngati mwana pachifuwa, ndipo yatonthoza anamfedwa osawerengeka, makamaka amayi otaya ana. Anthu ena amaganiza kuti poipeka ankakumbukira khanda lake lija. "Pass Me Not, O Gentle Saviour" ndi yake. "Blessed Assurance" ya mu 1873 ndi yake. "To God Be the Glory" ndi yakenso.

Nanga zidafika bwanji kwathu kuno? M'zaka za m'ma 1870 mlaliki Dwight Moody ndi woyimba wake Ira Sankey adachititsa misonkhano ikuluikulu ku England ndi ku Scotland, ndipo Sankey ankakonda kuyimba nyimbo za Fanny n'kuziika m'buku lake. Zaka zomwezo ndi pamene amishoni a ku Scotland ankafika m'dziko muno, a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876. Nyimbo za mtundu umenewu zidayenda ndi amishoni, zidamasuliridwa, mpaka lero timaziyimba paukwati, pamgonero ndi kusiwa ngati zidapekedwa ndi agogo athu. Ndiye inu amene mukuchita manyazi kuima pakwaya ndi mwana wosaona kumsana, dziwani kuti zina mwa nyimbo zimene kwayayo imayimba zidachokera m'mutu mwa mwana ngati yemweyo.

Chodabwitsa n'chakuti iye mwini, makamaka atakula, sankadzitchula kwenikweni kuti wolemba nyimbo. Ankati ntchito yake ndi ya mishoni. Umishoni wakewo sudali wokwera sitima kupita kutsidya kwa nyanja. Udali m'makwalala onyansa a mzinda wa New York, monga dera la Bowery, kumene kunkagona zidakwa, amuna opanda kwawo, otuluka kundende ndi amayi oyendayenda. Kudali nyumba zimene zinkawapatsa chakudya, pogona ndi mapemphero. Ina idatsegulidwa mu 1872 ndi Jerry McAuley, yemwenso adali atakhalako kundende ya Sing Sing. Fanny, kamayi kakafupi kovala magalasi obiriwira, ankapita kumeneko madzulo, ndipo ankachita lendi m'nyumba za anthu osauka kufupi ndi madera omwewo, pamene anzake olemera akadatha kumusunga pabwino. Kandalama kakatsala ankagawa. Ankakonda kukhala pabenchi pakati pa amunawo, fungo la mowa lili guu, n'kumacheza nawo mmodzimmodzi. Maganizo ake adali akuti munthu wotere safunika kumuuza kuti ndi wochimwa, amadziwa kale. Chimene sadziwa n'chakuti alipo amene akumufunabe. Nyimbo ya "Rescue the Perishing" ya mu 1869 ankati idabwera atalankhula pamsonkhano wina wa anthu ogwira ntchito zolemetsa, pamene mnyamata wa zaka 18 adabwera kutsogolo n'kunena kuti adasiya njira imene malemu mayi ake adamuphunzitsa.

Ndimaganiza kuti ankawamvetsa anthu amenewa chifukwa ankadziwa mmene zimakhalira anthu akamakukamba ngati palibe, iwe uli pomwepo. Adagwira ntchito imeneyi mpaka ukalamba. Mayi ake aja, a Mercy, adakhala moyo mpaka 1890, adaona zonse zimene mwana wawo adasanduka. Fanny adamwalira pa 12 Febuluwale 1915 ku Bridgeport, ali ndi zaka 94.

Tsopano kwa inu bambo a mwana. Bambo ake a Fanny sadathawe, idawatenga ndi imfa. Inu muli moyo. Mukamauza mkazi wanu kuti alowe ndi mwana kuchipinda, mukuganiza kuti mukutseka pakamwa pa anthu, koma ndiye mukuwapatsa nkhani. Mphekesera yoti mudakhwimira mwana ikunenepa ndi kubisa kwanuko. Mutulutseni. Mumunyamule paphewa popita kugolosale, akufunseni, muyankhe kuti inde saona, dzina lake ndi uje. Mudzaona kuti pakatha mwezi anthu atopa nayo nkhaniyo, asamukira kwa wina. Ndipo mwanayo sadzakudziwani ndi nkhope. Adzakudziwani ndi mawu, ndi ndevu zimene azigwira, ndi mmene mumakhosomolera polowa pakhomo. Mukamafika iye atagona, ndiye kuti kwa iye kulibe bambo. Kwa amayi anu mukanene ndinu, osati mkazi wanu, kuti nkhani ya mtundu ithe. Akuluakulu adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Ng'ala ya ukalamba sifunsa kuti kumtundu kwanu idayamba yagwirako ndani.

Ndichenjezepo chimodzi, kuopa kuti mungandimve molakwa. Sindikulonjeza kuti mwana wanu adzakhala Fanny Crosby. Tili ndi chizolowezi choganiza kuti wosaona ntchito yake ndi ziwiri, kuyimba kapena kupempha, ndipo nthawi zina timaziphatikiza, kumukhazika pakhonde la sitolo ndi gitala ndi mbale. Tidamukonda malemu Allan Namoko ndi banjo yake, koma si wosaona aliyense amene ali ndi nyimbo pakhosi. Wanuyo mwina adzakhala mphunzitsi, loya, kaya mayi wa pakhomo pake wodziwa kulera ana. Fanny chidamupulumutsa si mawu okoma. Adali agogo amene ankalankhula naye, mayi amene adamulola kupita kusukulu, ndi anthu oyandikana nawo amene adasonkha m'malo monong'ona. Kwathu kuno sukulu monga Chilanga ku Kasungu ndi Malingunde ku Lilongwe zakhala zikuphunzitsa ana osaona kwa zaka zambiri, ndipo ku Montfort ku Chiradzulu amaphunzitsa aphunzitsi a ana otere, omwe ena amatumizidwa m'sukulu wamba za pulayimale. Ana amaphunzira kuwerenga ndi zala zilembo za Braille, ndipo masiku ano ngakhale foni ndi kompyuta zimatha kumuwerengera munthu mokweza. Zaka zake zisanakwane, kafunseni kuofesi ya zamaphunziro ya m'boma lanu kuti sukulu yapafupi yokhala ndi mphunzitsi wotere ili kuti.

Pakadali pano sukulu yake ndinu. Muzilankhula naye tsiku lonse, ngakhale azioneka ngati sakumva kanthu. Mukamasenda mbatata mugwiritseni, iyi ndi mbatata, ili ndi khoko lake. Mukafuna kumunyamula yambani mwamutchula dzina, asamangodzidzimuka manja atamugwira. Katundu wa m'nyumba asamasinthesinthe malo, kuti aloweze njira, ndipo mbaula ndi madzi otentha zikhale kutali. Akachedwa kuyenda musataye mtima, ana osaona ambiri amachedwerapo chifukwa palibe chimene akuchiona choti achithamangire; muikireni chinthu cholira patsogolo, monga chitini cha timiyala, azichilondola. Ana a oyandikana nawo akabwera musawathamangitse.

Ndipo Lamulungu likubwerali mubereke mwanayo, mutenge buku lanu la nyimbo, mukakhale pabenchi ya kwaya pamalo anu akale. Akakhala kumsana mukuyimba, mawu anu aziwamva ndi thupi lonse. Mukatuluka m'mapemphero mupempheni wa kiyibodi amulole agwireko pang'ono. Kenako mundilemberenso, ndimve zimene adokotala a maso anena, komanso ngati bambo ake adapita nawo.

Inu amene mudalemba za chibwenzi cha pafoni ndi za mlamu wosachoka pakhomo, pepani, makalata anu ndawasunga, tidzakambirana sabata yamawa.